Maina atatu amene Tamala anatchula pamphasa

Amayi,

Kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Kuno ku Katete tilipo, mphepo yozizira ija ikuchepa tsopano.

M'mawa uno ndimawenga zikhadabo pakhonde, ndipo ndinakumbukira Loweruka lina kumudzi kwathu ku Sinda. Munali mutakhala pamkeka, mukuwenga zanu ndi lezala monga munkachitira sabata iliyonse. Munkati mzamba wa zikhadabo zazitali ndi mfiti chabe. Kunabwera bambo wina wa kutsidya kwa dambo atapanira tambala m'khwapa. Mkazi wake anali atavutika masiku awiri asanachire, ndipo munamuchiritsa ndinu. Anakhala pansi, natsokomola kangapo, kenaka anafunsa kuti, "Azamba, mkazi wanga uja anatchula yani?" Inu simunadzutse n'komwe mutu. Munati, "Anatchula awiri. Mayi ake ndi Mulungu. Sankhanipo woti mukamusumire." Munthu uja ananyamuka ndi tambala wake yemwe, ndipo tsiku lonse munangodandaula za tambalayo.

Nthawi imeneyo sindinamve chimene ankafunsa. Ndinadzadziwa nditakula kuti anthu amati mwana akachedwa kubadwa ndiye kuti mayi anayenda njira zapadera, ndipo azamba ayenera kumupanikiza kuti atchule amuna onse, mwana apeze potulukira. Inu funso limenelo simunalifunsepo pamphasa. Munkati, "Mayi ali pa matenda atha kuvomera kuti anaba mwezi. Zapamphasa zimatsala pamphasa."

Ndiyambe ndi zakumudzi, poti mumakonda kumva zimenezo poyamba. Papita mvula zitatu chikuikireni m'manda. Khitchini yanu inagwa chaka chatha, koma nyumba yaikulu tinaifolera bwino. Achimwene a Fanuwelo akulimabe munda wa kumtunda, ngakhale mawondo akuwavuta. Mtedza unachita bwino chaka chino, chimanga chapakatikati. Thonje analeka, akuti salimanso mbewu yoti mtengo wake akuuze ndi wogula. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa mapasa kawiri, ndipo ikadali yakuba ngati kale. Mango a kuseri kwa bafa achita maluwa ambiri moti njuchi zikuchita kusokosa.

Nkhani yaikulu ndi iyi: muli ndi chidzukulu. Tamala wanu, mwana wanga woyamba uja munkamutcha kamphuno, anachira mwana wamkazi mwezi wa Epulo. Onse awiri ali moyo, ali nane kuno. Ndalemba mawu amenewa msanga kuti mtima wanu ukhale pansi musanamve zotsalazo.

Munasiya Tamala atangotomeredwa ndi Davide, mnyamata wa ku Vubwi. Atakwatirana anamutengera kwawo chitengwa. Mimba itakula ndinafuna kuti abwere kuno, kapena akadikirire ku chipatala monga boma likulamulira masiku ano. Azamba anawaletsa kuchiritsa kunyumba, ntchito yawo tsopano ndi kuperekeza amayi ku kiliniki. Koma asewere anga, amake Davide, anati anthu ali pa kukumba mtedza, ndani akakhale naye kumeneko? Iwo anabereka asanu ndi atatu m'nyumba mwawo, ndipo onse akudya. Ine ndinawerenga masiku, ndinaona ngati patsala masabata atatu, ndinati ndimalize kaye mayeso a ana kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Ndinalakwa pamenepo, Amayi. Mwana woyamba amachirira pafupi ndi mayi wake, inu munandiuza zimenezo kambirimbiri.

Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa ali kumunda. Asewere anaitana mzamba wa m'mudzimo, ndipo mzambayo mukumudziwa. Ndi aNambewe, amene anakunyamulirani beseni zaka zisanu ndi ziwiri asanakwatiwe ku Vubwi. Nditamva kuti analipo ndi iwo, ndinati mwana wanga anali m'manja mwanu momwe.

Tsiku loyamba linatha, mwana osatsika. Lachitatu dzuwa lili pamutu, asewere ndi achemwali awo anayamba kumufunsa. Tamala akuti anakana mpaka mawu anatha. Iwo anati, "Ukufuna kufa ndi mwana wathu chifukwa cha manyazi? Tchula!" Anamuuza kuti ngolo ya ku chipatala simangidwa asanaulule, chifukwa ngakhale adokotala sangatulutse mwana womangidwa ndi chigololo. Ndiye anatchula. Anayamba ndi Lazaro, amene anaphunzira naye giredi seveni, yemwe ali ku Joni chaka chachinayi tsopano. Mwana osabwera. Anati alipo ena, onjezera. Anatchula mphunzitsi wina amene anamwalira iye asanathe msinkhu. Osabwerabe. Dzina lachitatu analitenga pa chikwangwani cha golosale ina ya kuno ku Katete, imene ankagulako sopo ali wamng'ono. Mwini wake ndi nkhalamba yovala mkanjo woyera, yoti ikamatsika masitepe a m'shopu mwake amachita kuigwira dzanja. Tamala pondifotokozera anaseka pang'ono pamenepa, kenaka analira usana wonse.

Maina atatha, aNambewe anaimirira nati ngolo imangidwe pompano, wotsutsa adzakumbe yekha manda. Davide ndiye anayendetsa ng'ombe mpaka ku kiliniki, ndipo ambulansi inawatengera ku chipatala chachikulu kumene Tamala anamuchita opaleshoni. Anesi anandiuza kuti mwana anagona mopingasa, sakanabadwa mwa njira ina iliyonse. Anati tikanachedwa pang'ono tikanaika awiri.

Pamene ine ndimafika ku chipatala, maina aja anali atayenda kale mudzi wonse. Amuna amawakamba pa bawo. Tamala atatulutsidwa m'chipatala, asewere anatumiza chikwama chake ndi uthenga woti akapumule kwa mayi wake kufikira zitadziwika kuti mwana ndi wa yani. Mchombo unagwera kuno. Dzina loyenera kuchokera kuchimuna silinabwere mpaka lero. Pa khadi la sikelo anafuna dzina, ndipo ndinalembetsa lanu, Elube. Mundikhululukire kuti sindinafunse aliyense. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amakunga zibakera ngati mmene munkachitira pokanda ufa wa zitumbuwa.

Tamala akuyamwitsa bwino, chilonda chinapola. Koma sapita kumsika, sapita kutchalitchi. Akamva minibasi ya ku Chipata, imene a ku Vubwi amabwera nayo, yaima pamsewu amasuzumira pawindo. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amama, nanga poti ndinanena ndi pakamwa panga, ndani angandikhulupirire?" Ndinamuyankha ndi mawu anu a mwezi aja. Anati agogo akanakhalapo bwenzi atanena okha. Ndi pamene ndinaganiza kuti sindikhala pansi kufikira dzina la mwana wanga litayera pamaso pa anthu omwe analidetsa.

Davide si woipa, Amayi. Anabwera kamodzi atagulitsa mtedza, atanyamula shuga ndi sopo. Anaima pageti, anakana kulowa. Ndinamutulutsira mwana, anamuyang'ana nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Anati, "Amayi, mutu wanga sukugwira. Mkazi wanga ndimamudziwa, koma ananena yekha, ndipo amene anamva ndi mayi anga ondibereka." Ndinamufunsa kuti, atatchula maina aja, mwana anabadwa? Anati ayi. Ndinati nanga anabadwa ndi chiyani? Anati ndi mpeni wa adokotala. Ndinamuuza kuti apite akaganizire zimenezo m'basi.

Koma mawu anga ndi a mayi wa mwana, aliyense angati ndikuikira kumbuyo magazi anga. Pepala la ku chipatala asewere analikana, akuti adokotala amaona mwana wopingasa koma sadziwa chimene chinamupingasitsa. Munthu mmodzi yekha amene angamvedwe m'mudzi muja ndi amene anagwira mimbayo ndi manja ake. Choncho ndinapita kwa aNambewe.

Ndapitako katatu, ndipo mukudziwa kutalika kwake ndi fumbi la msewu umene uja. Ulendo woyamba anandizemba, ana anati apita kumaliro, koma nkhuni zinali zikuyaka pamafuwa ndipo mpango wawo unali pachingwe. Wachiwiri tinakumana kudimba. Anati, "Mwana wa aphunzitsi anga, ukufuna andimange? Ndikavomera pagulu kuti ndinachiritsa kunyumba, chindapusa chake ndichitenga kuti?" Anawonjeza kuti zam'chikuta sizikambidwa pamaso pa amuna, ndipo amene anawaphunzitsa zimenezo ndinu. Ndinangobwerera kwathu, chifukwa pa mfundo imeneyo ananena zoona.

Ndinaganiza masabata awiri. Ndinkadzifunsa kuti kodi munkatsekeranji pakamwa zaka zonse zija. Simunali munthu woopa amuna, tambala uja ndi mboni. Munkatseka kuti mkazi akadzuka pamphasa apeze nyumba yake ili chiimire. Apa mawu anatuluka kale, ndipo kukhala chete kwa aNambewe kukuteteza okhawo amene anawatulutsa.

Ulendo wachitatu ndinanyamula beseni lanu loyera lija, la m'mphepete mobiriwira, lokhala ndi chigamba pansi. Ndinaliika patsogolo pawo. Analitembenuza, nagwira pachigamba paja, nati, "Ndinaliboola ndine ili, ndinaligwetsa pamwala. Anandikalipira mpaka kumtsinje." Tinaseka. Kenaka ndinawauza za bambo wa tambala uja. Nkhaniyo ankaidziwa, akuti munkaikamba kwa aliyense wophunzira ntchito.

Pamenepo anandiuza chimene sanauzepo munthu. Anati Lachiwiri lomwe lija masana, atapapasa mimba, anapeza mutu uli kunthiti. Anadziwa pomwepo kuti mwana wapingasa. Anawauza asewere motsitsa mawu kuti apite ku chipatala, koma iwo anawayankha kuti, "Mwakalamba kodi? Kapena mukumubisira?" ANambewe ndi mtengwa m'mudzi muja, wamasiye, ndipo dimba limene amadyapo ndi la banja la asewere. Anatseka pakamwa tsiku lathunthu, namvera mwana wanga akutchula maina. Anati, "Mayi ako akanandiwaza mbama. Manja anandiuza zoona, ine ndinaopa dimba."

Ndinafuna kukwiya, Amayi. Koma ndinakumbukira kuti ndi pakamwa pomwepo pamene panalamula ngolo. Ndiponso ine amene ndinasankha mayeso a ana a eni ndingaweruze ndani? Ndinangowauza kuti bodza linatulukira pakhomo la nyumba ija kupita kwa amuna, choonadi nacho chitulukire pakhomo lomwelo. Za chindapusa ndinati tidzasenza limodzi, ndipo dimba akawalanda, munda wanu wa kudambo ku Sinda ukungomera udzu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje nati, "Beseni ili undisiyire. Ndidzabwera nalo."

Ndikudziwa kuti ndikupempha wophunzira wanu kuswa lamulo lanu. Ndalemba kalatayi makamaka chifukwa cha chimenecho. Sindikufuna mudzamve kwa ena obwera kumeneko kuti mwana wanu anaika zapamphasa pabwalo. Ndikukuuzani ndekha, ndipo ndikukhulupirira kuti mukanakhalapo bwenzi mutatsogola ndinu, ine ndikukutsatirani ndi beseni.

Sindikupita kukachititsa asewere manyazi. Iwonso anafunsidwa funso lomwelo ali atsikana, ndipo anakula akukhulupirira kuti ndi limene linawapulumutsa. Ngati banja la Tamala lidzapitirira, asankha ndi iye mwini, ndamuuza kale kuti pano mphasa yake ilipo masiku onse. Chimene sindilola ndi chakuti Elube akule akumva kuti bambo wake sadziwika, kapena kuti mtsikana wina m'mudzi muja adzagone masiku awiri ngolo ili panja, ng'ombe zili m'khola.

Achimwene a Fanuwelo, monga nkhoswe, analembera ankhoswe a kuchimuna kawiri osayankhidwa. Kachitatu anakwera njinga yamoto ndi mawondo awo omwewo, nakakhala pakhonde pawo kuyambira m'mawa, nati sachoka ndipo sadya. Dzulo madzulo anaimba foni. Akuchimuna avomera. Tikumana Loweruka lotsatira anthu akabwerako ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pakhomo pa asewere pomwe, ankhoswe a mbali zonse alipo. ANambewe adzalankhula poyamba. Davide watumiza mawu kuti adzatidikira pamsewu ndi ngolo yomwe ija, kuti mwana asadye fumbi.

Tamala atamva analowa kuchipinda. Anangotulutsa chitenje chake chabwino m'chikwama chija, chimene sanachimasule chibwerereni, nachichapa. Chili pachingwe pamene ndikulemba pano.

Ndikulonjezani kuti tsiku limenelo sindidzakweza mawu, koma sindidzanyamuka pamkeka dzina la mdzukulu wanu lisanayere. Tikamabwerera tidzapitirira mpaka ku Sinda, ndidzamubweretsa Elube kumanda kuti mumuone chipumi. Zikhadabo ndawenga kale.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nelia