Msoti wa Chinkhoswe cha Ulemu

Mitundu,
Lilongwe.
9 Juni 2024

Okondedwa achemwali anga a Jacinta,

Ndikudziwa kuti mtima wagunda mutaona envelopuyi, poti masiku ano munthu salemba kalata foni ilipo, pokhapokha kukagwa zovuta. Musaope. Mng'ono wathu Abednego ali moyo, wabwerako ku Congo ndi manja ndi miyendo yonse, ndipo amukwezanso udindo. Tsopano ndi Kaputeni. Amayi ali bwino, kupatula bondo lija. Ndasankha pepala chifukwa zimene ndikufuna kunena zikanandikanika pafoni.

Mundilole ndifotokoze kaye za maudindowa, poti kuno anthu amangowomba m'manja osawadziwa. Kwa asilikali apamadzi, Kaputeni ndi munthu wamkulu kwambiri, osati ngati wa timu ya mpira. Abednego anapita kunkhondo akuyang'anira maboti awiri onyamula asilikali ndi ovulala panyanja ya kumeneko. Chisanathe chaka anakhala Komanda, ndipo lero maboti onse a gulu lawo amamvera iye. Wakwera kawiri m'zaka zitatu. Ine ndagwira choko zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ndinakwera kamodzi, kukhala wachiwiri kwa ahedi. Chikhalirecho amene anamuphunzitsa kusambira m'damu la ku esiteti ndine, nditamugwira pamimba, iye akulira kuti m'madzimo muli ng'ona.

Uthenga wanu wa mwezi watha ndinauwerenga kangapo. Munati pa chinkhoswe cha Ulemu zingakome msoti atagwira a Komanda, kuti akuchimuna aone kuti mwana wanu sakuchokera pabanja wamba. Ndinayankha kuti chabwino, koma ndinanama. Mwina ku Joni mwayamba kuiwala: amene amapereka msoti n'kulandira tambala wa akuchimuna ndiye malume amene banjalo lidzathamangire kwa iye zinthu zikadzavuta. Ulemu munandisiyira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Atadwala malungo aakulu aja, ndinamuberekera kuchipatala ndine.

Ndi mtima umenewo ndinapita ku Nathenje kukakambirana za tsiku ndi a Isake, malume ake a Lackson, mkamwini wathuyo. Ndisanamalize n'komwe kupereka moni, iwo anati, "Aphunzitsi, tamva kuti kwanu kuli bwana wa sitima zankhondo. Adzabwera m'yunifomu? Azimayi kuno ayamba kale kupeka nyimbo."

"Si sitima, ndi maboti," ndinatero. "Komanso kunkhondo kukwera sikuvuta. Wapamwamba pako akafa, mpando umatsala, iwe n'kukhalapo."

Anaseka pang'ono, ine n'kupitiriza kufotokoza modekha ngati ndili m'kalasi, ndi zitsanzo zomwe. Mawuwo anakwera minibasi ine ndisanakwere.

Abednego anafika Loweruka, atavala malaya wamba. Amayi anamupatsa mpando wa malemu bambo, umene ndimakhalapo ine, n'kumati, "A Kaputeni amwa tiyi kapena thobwa?" Atamwa thobwalo anandipempha kuti tikaone damu lija. Laphwa kwambiri, m'mphepete monse anthu adzalamo masamba.

"Achimwene, za ku Nathenje ndamva," anatero.

Ndisanayankhe, anandidula.

"Simunaname. Nyota ya udindo imene ndinayamba kulandira inali ya Matthews, mkulu wanga pantchito. Anamuwombera tikukweza ovulala m'boti. Ndinawongolera ndi dzanja limodzi, linalo nditatseka pabala pake, ndipo tinafika tsidya atazizira kale. Patatha milungu itatu anandiveka udindo wake. Anthu akamandiyamikira ndimasowa poyang'ana. Inu nokha ndi amene mwanena mmene zinalili."

Kenaka anati, "Msoti mugwire ndinu. Ine Ulemu ndimamudziwira pazithunzi. Ndidzaima kumbuyo kwanu, ndipo yunifomu ndidzaisiya ku Monkey Bay. Koma ndili ndi dandaulo limodzi. Chifikireni palibe amene wanditchula dzina, ngakhale amayi."

Achemwali, ndikanakonda kulemba kuti nsanje inathera pomwepo, koma ndanama kokwanira. Chimene chinandibwerera mumtima n'chakuti mwana uyu wandiposanso, ngakhale pokhululuka. Ndinamunyoza kwa alendo, iye n'kundibwezera mpando wanga ngati akupatsa mwana switi. Ndinafuna andikalipire kuti tifanane. Komabe ndinati, "Bedi, tiye, amayi akudikira." Anaseka ngati kale, mpaka anapukuta m'maso.

Tsono mwana ndi wanu, ndipo mawu omaliza ndi anu. Mwamva zimene ndinachita, ndipo mukaona kuti munthu wa pakamwa potere sayenera kuimira Ulemu, ndidzakhala kumbuyo osadandaula pagulu. Kwa a Isake ndipitanso Lachitatu kukakonza zimene ndinawononga. Ndingokuululirani kuti msoti ndinagula kale pamsika wa Mitundu mu Epulo, uthenga wanu usanabwere. Ndi woyera, wa timadontho takuda pakhosi. Ndimaupatsa gaga ndekha m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu, ndipo akazi anga amandiseka kuti ndaulera kuposa ana anga.

Amayi akuti mubwere ndi mafuta opaka bondo aja. Ulemu akupereka moni; za kalatayi sakudziwa, ndipo ndikupempha kuti zikhale choncho. Abednego akhala kuno mpaka pa 20. Mukapeza mpata mumuimbire, ndipo akayankha musanene kuti a Kaputeni. Mungoti Bedi, kenaka mudikire. Ine zinandivuta, koma yesani nanunso, mumve mmene akusekera.

Ndine mlongo wanu,
Fanuel