Zipata Khumi ndi Chimodzi

Lolemba, 4 Novembala 1878

Kutentha kosaneneka. Ntchentche m'kalasi zachuluka kuposa ana, ndipo pa kumva zinthu msanga sindinganene amene akutsogola.

Kalata ya ku Goulburn inafika Loweruka. Sukulu ya atsikana ikundifuna mu Januwale. Nyumba ya njerwa, chipinda changachanga, mawindo agalasi. Yankho lichoke ndi galeta la makalata la Lachisanu pa 15. Likaphonya limenelo malowo apatsa wina.

Nanga chikundigwira n'chiyani kuno ku Wendarra? Fumbi? Ayi. Ndi a Ezra Kinnear, oyendetsa galetalo. Ndalemba tsopano, ndipo pepala silinapse.

Zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi uliwonse ndikamapita ku Kilbride kukaona amayi, mpando wapamwamba, pambali pawo, ndi wanga. Mpando umene eni nkhosa zikwizikwi amachita kuupempha chipewa chili m'manja. Iwo amangoti, "Pali kale aphunzitsi." Ndimatsika kuwatsegulira zipata za m'mabusa a nkhosa, khumi ndi chimodzi popita, chimodzimodzi pobwera, poti woyendetsa sangasiye zingwe za mahatchi asanu. Ndimachita mokondwa. Munthu umathandiza wako.

Tauni yonse inamasulira kalekale tanthauzo la mpandowo. Inenso ndinamasulira. Mwini wake yekha ndiye sanatsegule pakamwa. Ndinakwanitsa zaka 34 mu Ogasiti.

Lachitatu, 6 Novembala

Usiku uno msonkhano wa komiti ya chisangalalo cha Loweruka, chopezera malata a denga la holo. Wapampando ndi Bambo Pascoe a kusitolo. Ndiye kuti wapampando ndi Mayi Pascoe, amuna awo amangogwirizira mpandowo kuti usauluke. Maola awiri kukangana ngati ometa nkhosa aloledwe kuvina atavala nsapato za misomali. Aloledwa. Ndalama zawo zilibe misomali.

Aitanitsa woimba wa ku Sydney, Mayi Lomax. Akuti anaimbirapo bwanamkubwa. Ngati bwanamkubwayo anachira sitinauzidwe.

Lipenga la galeta linalira cha m'ma folo. Tauni yonse panja monga mwa masiku onse, ngati anthu oti hatchi sanaionepo. Pamwamba, pambali pa a Ezra, chipewa chobiriwira cha nthenga yaitali. Pampando panga.

Mayi Pascoe, mokweza kuti ndi a kuchigayo omwe amve: "Iii, aphunzitsi, akulandani masanasana chonchi? Pepanitu, inu."

Ndinaseka nawo. Kufika kunyumba tiyi sanalowe. Zandiwawa, ndisaname.

Lachinayi, 7 Novembala

Kuyeserera nyimbo ndi Mayi Lomax. Limba la m'holo lili ndi mano awiri akufa, osalira ukawadina, ndipo nyimbo zawo zonse zimadzera pomwepo. Akayandikira, zaka 50 sazilephera. Nthenga ija ndi ya nkhukundembo yopaka utoto.

Anandiuza okha osafunsidwa: "M'kati mwa galeta ine ndimasanza, mwana wanga. Ndinamuuza mkulu uja kuti asankhe, mpando kapena kukolopa. Ulendo wonse anandiuza mawu atatu, onse a hatchi."

Ndinawakonda pompo mayi amenewa. Ndinabwerera ndikuimba ngati chitsiru.

Ndinadzera kukhola la mahatchi. A Ezra akupaka mafuta zingwe. Ndinalimba mtima, ndinawauza za Goulburn, ndi tsiku lake lomwe. Anasiya kupaka. Anaganiza nthawi yaitali ndithu.

"Goulburn," anatero. "Msewu wake ndi wabwino. Anathira miyala chaka chatha."

Zikomo kwambiri, bambo. Ndimadera nkhawa msewu.

Lamlungu, 10 Novembala

Sindinapite kutchalitchi. Ndati mutu. Mulungu akudziwa kuti si mutu.

Za dzulo. Holo yodzaza, fungo la nkhosa, mafuta atsitsi ndi makandulo. Ana anga analakatula bwino, kupatula kuti anayamba ndi ndime yomaliza. Wapolisi anavina gule wa kwawo ku Scotland pamwamba pa malupanga awiri, napondapo limodzi. M'busa wa mpingo anawerenga nkhani yoseketsa, anaseka yekha. Mayi Lomax atakweza mawu agalu onse a kuseri kwa hotela anavomera. Ometa nkhosa anaitanitsanso kawiri, sindikudziwa kuti amafuna mayiwo kapena agaluwo.

Kenako mawu othokoza a Bambo Pascoe. Anathokoza ophika makeke, obwereka mabenchi, ngakhale amene anabweretsa chidebe. Pomaliza ine.

Ndilembe monga anayankhulira, kuti tsiku lina ndikadzayamba kupusanso ndidzawerenge.

"Ndi aphunzitsi athu a Quill, amayi ndi abambo! Ine ndinawasowa Lachitatu. Ndinali m'galeta muja pochokera kooda katundu. Mayi oimbawa sangatsike, ndiye wotsegula zipata ndani? Ine! Ndi mimba yangayi! Kakhumi n'kamodzi! A Kinnear mpaka anadandaula, amvekere, kukanakhala aphunzitsi bwenzi titafika kalekale, m'dziko muno mulibe wotsegula chipata ngati iwowo, n'chifukwa chake mpandowu ndimawasungira."

Holo yonse kugwa nako kuseka. Mabenchi kugwedezeka. Mayi Pascoe kupukuta misozi ndi mpango.

Ndinacheuka. A Ezra ataima kukhomo, akuwomba m'manja, akugwedeza mutu kuvomereza. Nkhope yonyadira, ngati ayamikiridwa hatchi.

Kenako dansi, woimba limba ine. Maola atatu ndikupopa ndi mapazi kuti anthu amene andiseka avine bwino. Sindinaphonye ngakhale pamodzi, kupatula pa mano akufa aja.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndawapatsa ana samu. Munthu amatsegula zipata 22 pamwezi. Pa zaka zisanu ndi chimodzi watsegula zingati? Onse alakwa. Ndi 1,584. Funso lachiwiri, lakuti munthuyo ndi wanzeru kapena ayi, sindinawapatse.

Mayi Lomax apita m'mawa. Anandipsompsona patsaya n'kunena kuti, "Mwamuna ukamudikira amayesa ndiwe mpanda." Wotsegula zipata lero akuti anali mlendo wina wogulitsa mankhwala a nkhupakupa. Ndikhulupirira tauni iyamba kuwakonzera ukwati.

Yankho la ku Goulburn ndalemba. Ndavomera. Ndamata. Lili pansi pa wotchi, ndipo ndikulizungulira ngati njoka.

Choipa n'chakuti a Ezra ndimawafunabe. Ndikamva lipenga lija ndimathamangira pawindo ngati kamtsikana. Manyazi ake!

Lachinayi, 14 Novembala

A Ezra abwera kusukulu nthawi yopuma. Koyamba chiyambire. Chipewa m'manja, kaphukusi kukhwapa.

"Ndamva kuti zija za Loweruka sizinakusangalatseni. A Pascoe pakamwa mpawo. Ndakugulirani izi."

Magolovesi. Achikopa chokhuthala, ofika m'zigongono.

"Waya wa pachipata chachinayi uja amacheka," anatero.

Mphatso yoyamba pa zaka zonsezi. Ndakhala ndikuwayang'ana chimadzulo chonse. Kodi n'chikondi cha munthu wosadziwa kulankhula, kapena n'zida za ntchito? Hatchi nayonso amaigulira nsapato.

Mawa ndikwera. Kalata ndiitenga m'thumba, osati m'matumba awo. Pachipata choyamba sinditsika mpaka andiyankhe. Zingwe sangazisiye, makalata sangawachedwetse, poti amadulidwa malipiro. Kothawira kulibe. Akanena za nzeru, kalata ndikaing'amba pamaso pawo. Magolovesi atsala pano.

Lachisanu, 15 Novembala, ku Kilbride

Kwa amayi. Cholembera chikuvuta kugwira.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka. M'kati Mayi Pascoe, m'busa ndi ometa nkhosa awiri. Mboni zokwanira. Pachipata choyamba galeta linaima, ine khale.

"Chipata, aphunzitsi."

Ndinati ndachiona, n'chokongola. Ndinati andiuze kaye kuti pampando pano ndimakhalapo ngati ndani.

A Ezra anayang'ana makutu a mahatchi. Anatulutsa wotchi, naibweza. Mutu wa Mayi Pascoe pawindo: "Kodi kumwambako kwagwa maliro?" Ometa nkhosa anayamba kubetcherana. Wotsika panalibe, aliyense amafuna kumva.

Kenako chodabwitsa. Anandiika zingwe m'manja. Zingwe zimene ngakhale mwini galeta sazikhudza. Anatsika okha, natsegula, naitana mahatchi ndi kamluzu, ife n'kudutsa. Ndivomere, mtima unasungunuka. Ndinati yankho lija ndi limeneli.

Tinaiwala chinthu chimodzi tonse awiri. Mahatchi aja anazolowera ine. Ine sadandidikirepo. Akangomva chitsulo cha chipata kuti khwa, amanyamuka, ine ndimakwera galeta likuyenda. A Ezra anawaphunzitsa okha, kupulumutsa mphindi.

Chitsulo chinati khwa.

Poyamba sindinakoke. Izinso ndivomere. Ndinafuna aone kukoma kwake kothamangira galeta m'fumbi. Koma pali mtsetse pamenepo, mahatchi anamva kuti manja ndi achilendo, liwiro linakula. M'kati Mayi Pascoe kuitana Yesu, m'busa kuitana amake. Kumbuyo a Ezra, chipewa chitagwa, miyendo m'mwamba:

"Tabitha! Tabitha! Imitsani! Ndikukwatirani! Mwezi uno womwe uno!"

Dzina langa. Sindinkadziwa n'komwe kuti amalidziwa.

Ndinaponda buleki ndi mapazi onse awiri, kukoka mpaka zingwe kulowa m'mnofu. Tinaima pafupi ndi khwawa, patangotsala pang'ono. Ndinali kulira ndi kuseka pamodzi. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nding'ambe kalata.

Anafika ali wefuwefu. Anandidutsa. Anayamba ndi hatchi yakutsogolo, kuisisita mwendo uliwonse kuyambira m'bondo mpaka kuchiboda, akuinong'oneza. Mahatchi asanu, miyendo makumi awiri. Ndinawerenga. Kenako m'kamwa mwa iliyonse. Kenako matumba a makalata. Kenako anabwerera kukatola chipewa.

Magazi a m'manja mwanga anawaona ndi Mayi Pascoe. Anang'amba mpango wawo n'kundimanga, osaseka. Chifundo cha Mayi Pascoe chinandipweteka kuposa zingwe.

A Ezra atakwera anati, "Palibe yavulala. Mwayi." Titayenda pang'ono anawonjezera: "Zija ndanena ndanena. Anthu amva. Ine sindibweza mawu."

Ndiye ndafunsiridwa ukwati, amayi inu. Pamaso pa m'busa.

Pachipata chachiwiri anaimitsa galeta, n'kundiyang'ana. Kudikira.

Ndinatsika. Khumi zotsalazo ndatsegula zonse, n'kutseka bwinobwino, ndi manja omangawa. Ntchito ukamaisiya umaisiya mwaulemu.

Kalata ndaiponya ndekha papositi, sitima yonyamula makalata isananyamuke. Amayi akufunsa kuti maso atupa chifukwa chiyani. Ndati fumbi, iwo ati fumbi la chaka chino n'loopsa, n'kundithirira tiyi wina.

Galeta likubwerera mawa m'mawa. Ndagula kale tikiti. Ya m'kati.