Mawu a Bambo Pakamwa pa Munthu Wina

Okondedwa Malume,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza, ndipo wailesi ya anansi athu yakhala ikusokosa kuyambira m'mamawa. Ife tili bwino, kaya inu kumeneko?

Dzulo aphunzitsi anaitana bambo a Kamfupi, mnyamata woyandikana nafe nyumba, kuti atiuze zimene anaphunzira kunkhondo kuja anapita limodzi ndi bambo anga. Bambowo anati, "Ana inu, mfuti imathyola chitseko, koma singakupatse mpando m'nyumbamo." Kalasi yonse inawomba m'manja. Kamfupi anachita kufufuma, chipewa cha bambo ake chili kumutu.

Malume, mawu amenewo ndi a bambo anga. Ankawanena popukuta nsapato zawo pakhonde, ine nditagwira kachitini ka polishi. Potuluka m'kalasi, Kamfupi anandigunda paphewa. "Aise, wamva nzeru za mdala wanga?" Ndinangolakalaka chipewacho chitagwera m'matope.

Amayi akuti ndisakuvutitseni, koma inu mumakhala pafupi ndi maofesi a asilikali. Mwina mungakafunseko za bambo anga.

Galimoto ya asilikali ochokera kunkhondo inabwera Lachisanu lapitali. M'galimotomo munatsika bambo a Kamfupi, amalume ake, ndi mnyamata wina woyendera ndodo. Kwathu anatibweretsera nsapato zija.

Ndine mwana wa mlongo wanu.