Dzanja pa Bulauzi Yoyera

Lolemba, 3 Malichi

Tebulo lodyera lasandukanso wekishopu. Manyuzipepala, fanelo, botolo la tona (ufa wosindikizira), makatiriji anayi a pulinta. Tiyi tamwera pamaondo ngati alendo.

A Injiniya (dzinali ndinawapatsa ndine, setifiketi alibe) ati ndisadutse pafupi, mphepo ya siketi yanga iulutsa ufa wawo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi m'banja, lero siketi yanga yasanduka namondwe. Ufawo nawo wakuda bii, wosalala kuposa paudala. Mpaka m'shuga ndinaupezamo chaka chatha.

Andikumbutsanso za shati. Atangopuma ntchito yokonza makina a m'maofesi, ndinawachapira shati yodetsedwa ndi tona m'madzi otentha, n'kuisita. Banga lilipo mpaka lero. "Mayi, tona ikatenthedwa imamatirira, ndi mmene imagwirira papepala. Madzi ozizira basi." Ndazimva kosawerengeka. Ndimadabwabe ngati n'zatsopano, amakondwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Dzanja lawo lamanja. Ndinayamba kulikayikira kalekale, lero ndaliona bwinobwino. Kasikuluwu kagwa katatu. Pothira ufa fanelo ikuvina, theka lathera patebulo. Anaphimba msanga ndi nyuzipepala ngati mwana wotaya mkaka. Ine maso kuwindo, kunamizira kuona mitambo.

Ati ndi tiyi, ndikumachulutsa masamba. Chabwino, akhale tiyi.

Lachisanu, 7 Malichi

Mlembi wa pasukulu wabweza katiriji. Mapepala akutuluka ndi mizere yakuda. Waulemu mayi uja, koma wanena poyera: mayeso ayandikira, zikapanda kukonzeka pofika Lachitatu apita kwina.

Tsoka lake mwana wathu wachisamba analipo, namwino wathuyo. Anagwira dzanja la bambo ake n'kulitembenuza ngati ali muwodi. Kenako kukhitchini, chapansipansi: "Amayi, adadi asiye. Ikabwereranso katiriji ina ndibwera ndi katoni, zida zonse nditenga."

Sakulakwa. Koma sadziwa kuti munthuyu amadzuka mmamawa, kumeta ndevu, kuvala malaya a kolala, zonsezo chifukwa cha makatiriji. Kuwalanda tebulo ndi kuwasiyira mpando ndi wailesi. Mpando umenewo ndikuuopa kuposa dzanjalo.

Lamlungu, 9 Malichi

Adya pang'ono. Ndaimba dala mokweza posesa, sananene kuti ndikuthamangitsa nkhuku za aneba. Zafika poipa.

Avomera kukaonana ndi dokotala pa 20. Avomera osakangana, ndiye chandiwawa.

Lolemba, 10 Malichi

Ndalimba mtima. Ndinati ndikufuna kuphunzira ntchitoyi, kukhala chabe kwanditopetsa. Za dzanja sindinatchule.

"Inu? Amene munaphika shati?"

Ndinangotola makapu. Masana ndapeza magolovesi ndi masiki zili pampando wanga, zopindidwa bwino. Magolovesi ali nawo amodzi okhawo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinachokera kokonzekera kwaya ndili mubulauzi yoyera. Sanandilole n'kusintha komwe, katiriji anali atatsegula kale, ati mkati mwake simufuna kuwala.

Tinapeza vuto. Kapena ndinene kuti anaulula. Muli kachipinda kosunga ufa wotsalira, kayenera kukhuthulidwa nthawi zonse usanathire watsopano. Kanali kodzaza thoo. "Tisikuluwu take n'tating'ono. Ndinakalambalala." Ananena akuyang'ana pansi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akudzudzula amisiri achidule! Ndinafuna kuwakumbatira, koma akanandithamangitsa. Ndinangofunsa kuti ndiyambe kumasula kati.

Anaima kumbuyo kwanga, dzanja paphewa langa. "Pang'onopang'ono, mayi. Botolo musalifinye, ligogodeni. Musapume ngati mukuthamanga." Ndinayetsemula kamodzi, anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Pepala loyesera linatuluka lofunda, loyera mbee, zilembo zakuda zooneka bwino. Analiyang'ana pawindo nthawi yaitali. "Sizoipa." Kwa iwowo kumeneko ndi kululutira.

Lachinayi, 13 Malichi

Mlembi waimba foni. Mayeso asindikizidwa, mzere palibe. Atumiza makatiriji ena asanu ndi imodzi.

Namwino anabwerabe ndi katoni yake. Anandipeza mphuno ili bii, sikuludiraiva m'manja, bambo ake akulamula chiimire. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndiye mwalemba wantchito, adadi?" Iwo nkhope gwa: "Ali poyesedwa. Miyezi itatu." Katoni yatsala kuno, tikusungiramo mabotolo otha.

Potuluka anandinong'oneza kuti pa 20 tisaiwale. Ngati ndingaiwale.

Adya n'kuwonjezera. Adandaula kuti mchere wachepa. Zikomo Ambuye.

Loweruka, 15 Malichi

Kuchapa. Beseni la madzi ozizira, monga mwa lamulo.

Potulutsa bulauzi yoyera m'dengu ndaona paphewa lamanja. Dzanja lathunthu, lakuda, zala zisanu. Magolovesi ndinavala ndine, iwo anagwira katiriji ndi manja chabe. Ndinaitengera poyera kuti ndione bwino. Timizere ta m'chikhatho tikuoneka tonse, ngakhale chipsera cha pachala chachikulu. Palibe pofufutika, palibe pokhulika. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu patebulo paja, ndipo paphewa langa dzanjalo silinanjenjemere.

Ndinakhala pakhonde ndi bulauziyo pamiyendo. Za pa 20 sindikudziwa. Chaka chamawa dzanjali lidzakhala lotani, sindikudziwanso. Ndimawakonda akuluwa, ndi mwano wawo womwe.

Madzi aja ndathirira maluwa. Ndinalowa kuchipinda, n'kulumikiza simbi kumagetsi.

Anakuwa ali pabalaza: "Mayi, ya kwaya ija madzi ozizira!"

Ndinati eya, bambo.

Ndaisita kawiri, kuti dzanja lija ligwire.