Thumba Lomwe Ndinakometsa

Lolemba, 29 Juni 1992

Chiperoni kuyambira m'mawa, zala zochita kuuma. Matumba asanu ndi limodzi a kachewere pamsewu pa Nsipe. Amuna anga a Goliati andisiya ndekha, ati akukakonzetsa njinga ku Manjawira. Thumba limodzi analongedza okha dzulo, pamwamba timbatata tonga mazira a nkhunda. Manyazi bwanji! Zaka khumi ndi ziwiri ku migodi ya ku Joni, kulongedza thumba osadziwa. Ndani pano sadziwa kuti zazikulu zimakhala pamwamba? Ndamasula, ndachotsa tonyozekato, ndaika zikuluzikulu, ndasokanso.

Masana abwera Mai Lufina, apampando a amayi a chipani cholamula. Afunsa ya mbewu. Ndati ndilibe. Apapasa matumba onse limodzilimodzi, atenga lomwe ndinakometsalo. Ine kunyadira.

Lachiwiri, 30 Juni

Sindinadye. A Goliati atamva anangokhala pansi padothi. M'kati mwa thumba lija munali mapepala, okulunga m'pulasitiki, onena kuti dziko likufuna zipani zambiri. Timbatata tija tinali chizindikiro, kuti wogula wamba alinyoze, alitenge mwini wake yekha. Mwini wakeyo ndani? Ati sakumudziwa.

"Mai a Sibongile, mwatipha," anatero. Ine ndikanalota? Zaka zonsezi ndimati akupita ku kwaya ya abambo. Ndakwiya, koma mantha ndi omwe akula. Mwa anthu onse a pa Nsipe, mapepala akagwere m'manja mwa apampando!

Lachitatu, 1 Julaye

Lero andiuza zonse, mochedwa. Chinayambira ku Joni konko, m'komponi. Amuna atatu a kuno adaona anzawo akukana kulowa mumgodi onse tsiku limodzi, mabwana n'kufewa. Atabwerera kumudzi adati nanga kwathu kuno bwanji. Chipani chopanda khadi, chopanda ofesi, dzina lake ngakhale ine sanandiuze. Aliyense amadziwa mnzake mmodzi basi, kuti akagwidwa asatchule ambiri. Iwo amadziwa a Kizito osoka nsapato. Mtsogoleri amangomutcha Kapitawo, nkhope yake palibe anaiona.

Oyambitsa atatuwo adatengedwa kalekale, osabweranso. Mmodzi anali a Nathan, amuna a apampando omwewa. Chaka chomwe adawatenga, mayiwo adayamba kuvina patsogolo pamisonkhano, mpaka lero. Woiwala mwamuna wake chotero angatimvere chisoni ife?

A Goliati apita ku Mlangeni kwa amalume awo. Zikavuta awolokera ku Mozambiki. Chipewa chawo aiwala pamsomali.

Lachisanu, 3 Julaye

Galimoto ya polisi yadutsa kawiri. Kachiwiri inachepetsa liwiro, koma kunali mbuzi pamsewu. Anyamata oona makhadi a chipani anaima pa matumba anga, mmodzi n'kumagogoda thumba ndi nsapato. Ndinamupatsa moni kawiri.

A Kizito sanatsegule. Ena ati akudwala, ena angoyang'ana kumbali. Makalata onse a ku Joni ndawotcha, ngakhale ija anandifunsira nayo ukwati. Ndalira ngati wamisala.

Kubwalo amayi akuyeserera gule wa pa 6 Julaye. Mawu otsogolera nyimbo ndi a apampando aja. Akudikira chiyani? Bwanji sakungobwera kudzatitenga?

Lamulungu, 5 Julaye

Kutchalitchi apampando anakhala benchi ya patsogolo panga. Ine maso pa duku lawo. Potuluka anandigwira dzanja: "Mawa tikatha kuvina musathamangire kunyumba, ndili nanu mawu." Dzanja lawo lofunda, langa ngati la mtembo.

Sibongile ndamutumiza kwa achemwali anga ndi zovala zake zonse. Bulangeti ndamanga, mwina kundende salola. Ambuye, a Goliati asabwere mawa.

Lolemba, 6 Julaye

Ndavina. Gule atatha Mai Lufina ananditengera kuseri kwa mbaula ya chimanga chootcha, anthu ali piringupiringu. Anatulutsa thumba lija m'nsalu, lopinda bwinobwino, lopanda kanthu.

"Thumba la amuna anu musamalikometse, mayi. Ndinachita kupapasa asanu ndi limodzi pamaso pa anthu." Kenako motsitsa: "Muwauze kuti Kapitawo wati abwerere. Lachinayi kuli thumba lina."

Basi anabwerera kubwalo, kukayambitsa nyimbo yotamanda boma, mawu okweza kuposa onse. Zaka zonsezi akuvinira omwe adawatengera mwamuna, ine n'kumawanyoza.

A Goliati apulumuka. Ndikanayenera kusangalala. Koma nkhope ya Kapitawo, yomwe amuna onse aja saidziwa, ine wogulitsa mbatata ndaidziwa, ndipo ine apolisi akangondimenya mbama imodzi ndimalankhula. Dzina la mayiwo lili m'buku lino kawiri. Moto sunazime kukhitchini. Masamba awa ndi