Zoti Munyamule, Alamu

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino. Nanga mwendo wa amayi ukutupabe? Ine kuno ndilipo, kungoti tulo tikusowa.

Ndamva kuti mapepala anu odutsira malire atuluka. Ndiye tamverani za ulendo, poti inu kutali kwanu ndi kumsika.

Nsapato zanu zogogoda zija zitsale. M'basi miyendo imatupa, mudzafika mutazinyamula m'manja. Madzi muzimwa. Ndikukudziwani, mumadzimana poopa zimbudzi za m'njira, koma mutu ukayamba kuwawa palibe adzakuimitsireni basi. Ikaima tsikani muwongole msana, chikwama cha mapepala chili pamimba, osati pampando. Mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi akhale m'bokosi lake lomwelo. Mukawakulunga m'kapepala monga mwa chizolowezi chanu, a pamalire adzawataya inu mukuona.

Juzi musaiwale. Kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mano. Mudzaonanso zodabwitsa. Mipope imatulutsa madzi mukangoyandikitsa manja, ndipo zitseko za kuchipatala zimatseguka zokha. Ine tsiku loyamba ndinabwerera m'mbuyo n'kupepesa, kuyesa kuti wina akutuluka.

Ndatchula chipatala, ndiye ndingonena. Pafoni ndinakuuzani kuti achimwene ali ndi chifuwa wamba. Anachita kundilumbiritsa amuna anuwo kuti ndisakuuzeni zoona, koma ine ndatopa kusenza ndekha.

Ndi fumbi la kuntchito kwawo kuja, kocheka miyala. Dokotala anandiitanira m'kachipinda n'kundionetsa chithunzi cha mapapo awo. Anati fumbilo lauma m'menemo ngati simenti, ndipo chatsala n'kungowachepetsera ululu. Ndinafunsa ngati angapirire ulendo wobwerera kwathu. Anangopukusa mutu.

Tsono malangizo enieni ndi awa. Polowa muwodi mudzasambe m'manja n'kuvala chophimba kukamwa. Mudzawapeza ali ndi kapaipi m'mphuno. Mawu awo ndi onong'ona, muziyandikitsa khutu, ndipo musawafunse zambiri chifukwa liwu lililonse limawadyera mpweya.

Chachikulu, alamu, musadzalire mokweza. Kuno salola. Mayi wina anabuma pabedi la mwana wake, alonda anamugwira mikono n'kumutulutsa, ndipo tsiku lonselo sanalowenso. Inu mulibe tsiku lotaya chotero. Misozi ikakukakamizani mudzandigwire dzanja, ndidzakutulutsani ndekha.

Dzulo nditawauza achimwene kuti mukubwera anandipempha ndiwamete ndevu, ati mungadzawayese wamisala n'kubwerera pakhomo. Anayesa kuseka, chifuwa n'kuwagwira. Ndinawameta. Munthu amene ankandinyamula paphewa uja lero mutu wake ukukwana m'chikhatho changa. Ndikuopa, alamu, ndikuopa kwambiri.

Musachedwe ndi kutsanzika mudzi wonse. Abale adzadandaula, adzaleka.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa atsibweni ndi kwa ana onse. Amayi muwauze pang'onopang'ono, atakhala pansi. Mulungu akutsogolereni panjira, ndidzakudikirani potsikira basi.

Chomaliza ndachilemba n'kufufuta kangapo. Pansi pa sutikesi yanu muikepo suti ya ukwati ya achimwene ija, ndi tayi yake. Ana asaone mukuilongedza. Ndikudziwa mudzati inawathina kalekale. Tsopano iwakwana.

Ndine mlamu wanu,
Chitsirizira wa amayi