Chinsinsi changa chinaululika m'basi ya ku Dubrovnik

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Zombako? Kodi mwendo wa amayi unasiya kutupa? Kuno kunja, ku Dennistoun, tili bwino, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Tabwerako ku Croatia kuja ndi amayi a kutchalitchi kwathu. Wotiperekeza anationetsa mizinda ndi magombe masiku asanu, ndipo poyamba ndinkasangalala. Tsiku lachinayi, tili m'basi kuchokera ku Split kupita ku Dubrovnik, mayi wina amene sindimudziwa bwinobwino anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani kuti munapitanso padera. Tonse tikukupemphererani."

Achemwali, nkhaniyi ndinauza inu ndi Tiyamike basi, mnzanga wa kuntchito uja amene timapempheranso limodzi. Nayenso anali m'basimo. Nditamuyang'ana, anatembenukira kuwindo ngati akuona nyanja. Titatsika ndinamufunsa, iye n'kungoti, "Aa, ndimafuna akuthandize kupemphera." Ngakhale pepani sananene.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi, chifukwa aliyense wondipatsa moni ndikanamukayikira.

Chonde amayi musawauze. Nkhaniyi ndi yanga, ndidzawauza ndekha ndikalimba mtima. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Mphatso